Nyimbo yake yafika pa foni iliyonse ku Njewa, nanga ndalama zake zili kuti?

Msuweni wanga amayimba. Dzina sindimutchula, poti nkhani yake ndi ya anyamata ndi atsikana ambiri kuno kwathu. Chaka chatha anagulitsa soya wake, nkukwera minibasi kupita m'tauni kukajambula nyimbo imodzi ku studio. Nyimboyo inagwira. Inayambira pa gulu la WhatsApp la anzake a mpira, sabata isanathe ndinayimva pa sipika ya wanjinga yamoto pa Njewa pomwe pano, kenako pa ukwati ku Mpingu. Mnzanga wina wa ku Nsaru mpaka anandiimbira foni kufunsa ngati mfanayu ndimamudziwa.

Lamlungu lapitali anabwera kunyumba kudzatchaja foni, nkundipempha kuti ndimuyatsire hotspot poti analibe bandulo. Tili chikhalire pakhonde anandifunsa kuti, "Asuweni, nyimbo yanga ili paliponse koma ine olo ya sopo ndilibe. Nanga ma Spotify mumanenawa, ndalama zake zimayenda bwanji?"

Ine sukulu ya ku yunivesite ndinaisiyira panjira chifukwa cha fizi, koma chizolowezi chofufuza zinthu chinanditsalira. Ndiye zimene ndinamuyankha ndaganiza ndizilembe pano, chifukwa zikukhudza tonse, woyimba ndi womvera yemwe. Khalani bwino, nkhaniyi ndi yayitali pang'ono.

Mmene nyimbo imafikira kwa ife

Makolo athu ankagula kaseti. Woyimba akajambula chimbale, ankapita nacho kwa ogulitsa ngati O.G. Issa ku Blantyre, makaseti nkumwazika dziko lonse, atamatidwa kachizindikiro konyezimira ka COSOMA kosonyeza kuti si achinyengo. Oyimba ankadandaula kuti gawo lawo ndi lochepa, komabe njira inali yooneka. Kaseti ikagulidwa, kenakake kamafika kwa mwini nyimbo. Malemu Lucius Banda, amene anatisiya mu June 2024, ndi ena a nthawi yawo anatchuka kudzera m'njira imeneyi.

Kenako kunabwera ma CD, kenako kompyuta, basi zonse zinasintha. Lero pa trading centre iliyonse, kaya pa Chitipi, pa Namitete kapena kwa Kabudula, pali kashopu kokhala ndi kompyuta ndi sipika yaikulu pakhomo. Umapereka memori ndi kandalama pang'ono, akubenera nyimbo zodzaza. Ukafika kunyumba mnzako akutenga pa Bluetooth kapena pa Xender, wina akuponya pa WhatsApp. Nyimbo imodzi ikhoza kulowa m'mafoni a mudzi wonse munthu mmodzi yekha atalipira, ndipo ndalamayo yapita kwa wobena, osati kwa woyimba.

Sikuti ndife anthu oipa mtima ayi. Pali zifukwa zake. Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse m'Malawi muno ndi zomwe zimaunikira magetsi, ndipo kumudzi chiwerengerocho chimatsika kwambiri. Foni yotchajitsa ndi ndalama simungaisiye ikudya batire pa intaneti tsiku lonse. Chachiwiri ndi mtengo wa data. Kuyambira 2015 boma linaika msonkho wa 10 peresenti pa data ndi ma SMS, pamwamba pa VAT, ndipo mukukumbukira mu 2020 momwe tinafuulira kuti data itsike mtengo. Chachitatu, ambirife timagula bandulo ya WhatsApp kapena ya Facebook chifukwa ndiyo yotsika mtengo. Bandulo imeneyo sitsegula Spotify kapena Boomplay. Choncho nyimbo imadutsa pomwe pali khomo lotsegula, ndipo khomolo ndi WhatsApp.

Ma app amenewa ndi a ndani?

Tiyeni tiwadziwe kaye, chifukwa ena timangowaona pa foni osadziwa kumene anachokera.

Spotify ndi kampani ya ku Sweden. Inayamba kugwira ntchito mu 2008, koma kuno ku Malawi inatsegulidwa mu February 2021, pamodzi ndi mayiko ena oposa 80. Ili ndi mbali ziwiri: yaulere yomwe imakudulani ndi zotsatsa malonda, ndi yolipira mwezi ndi mwezi yotchedwa Premium.

Apple Music inafika ku Malawi mu April 2020. Iyi yaulere ilibe, kupatula masiku ongoyesera. Imagwiranso pa foni za Android, ngakhale ambiri amaganiza kuti ndi ya a iPhone okha.

Boomplay inayambira ku Nigeria mu 2015. Ngati muli ndi itel, Tecno kapena Infinix, mwina munaipeza ili kale mu foni tsiku lomwe munagula. Chifukwa chake nchakuti mafoni atatu onsewa amapangidwa ndi kampani imodzi ya ku China yotchedwa Transsion, ndipo kampani yomweyo ili ndi dzanja mu Boomplay. Akugulitsani foni, nkukupatsiranitu malo omverera nyimbo.

Audiomack ndi ya ku America, inayamba mu 2012. Achinyamata ambiri amaikonda pa zifukwa ziwiri: woyimba amatha kuikapo yekha nyimbo kwaulere, ndipo womvera amatha kusunga nyimbo zambiri mu app nkumamvera data itazimitsidwa. Palinso Mdundo ya ku Kenya, yomwe imalola kudawuniloda MP3. Kwathu kuno tili ndi masamba ngati Malawi Music, komwe ambirife tinayambira kutenga nyimbo za pa Flames. Ndiye pali YouTube ndi TikTok, zomwe si za nyimbo zokha koma ndi kumene nyimbo zambiri zikutchukira masiku ano.

Data imathera pati?

Apa pali masamu pang'ono, koma ndi okuthandizani thumba. Mu Spotify muli malo osankhira kamvekedwe ka nyimbo. Mukasankha Low, ola limodzi limadya pafupifupi 11 MB. Normal ndi pafupifupi 43 MB, High ndi 72 MB, pomwe Very High, yomwe ndi ya olipira okha, imafika 144 MB pa ola. Kutanthauza kuti 1 GB ikhoza kukupatsani maola 23 pa Normal, koma maola 7 okha pa Very High. Ndipo tinene zoona, pa ma headset a pa msika kapena pa kasipika ka foni, kusiyana kwa Normal ndi Very High simukumva. Mukungotaya data.

Tsopano fanizirani ndi MP3. Nyimbo ya mphindi 4 imakhala pafupifupi 4 MB, ndipo mukaitenga kamodzi mwatenga. Memori ya 8 GB imalowa nyimbo pafupifupi 2,000, osafuna netiweki, osafuna bandulo. Ndiye munthu wa ku Nambuma, kumene malo ena netiweki umachita kuisaka pa chulu, mungamuuze chiyani kuti asiye memori? Masamu ali kumbali yake.

Chimene chimamaliza bandulo mwachangu ndi vidiyo. Kumvera nyimbo pa YouTube foni ili m'thumba ndi kulipirira zithunzi zomwe simukuziona. Ngati mukufuna kumva chabe, gwiritsani app ya nyimbo. Ngati mukufunadi vidiyo, tsitsani quality ifike 240p kapena 360p, ndipo zimitsani autoplay. Anzanga angapo agonapo foni ikuyimba, kudzuka m'mawa bandulo ya sabata yonse itapita.

Kudawuniloda mu app si kukhala nayo

Ichi ambiri chimawapweteka mochedwa. Nyimbo imene mwaisunga mkati mwa Spotify kapena Apple Music si yanu. Ndi fayilo yokhoma yomwe imatseguka mu app momwemo basi. Simungaitumize pa Xender, simungaiike pa flash kuti ikayimbe pa chinkhoswe. Mukasiya kulipira, zonse zimatsekeka. Pa Spotify, kusunga nyimbo ndi kwa a Premium okha, ndipo foni iyenera kulowa pa intaneti kamodzi pa masiku 30 aliwonse, apo ayi zosungazo zimasiya kuyimba.

Kunena mwachidule, ndi lendi. Mukulipira kuti mulowe m'nyumba yodzaza nyimbo mamiliyoni, koma simutuluka ndi kanthu. Kwa amene ali ndi Wi-Fi kuntchito, lendi imeneyi ndi yabwino kwambiri. Kwa amene ndalama imabwera nthawi yokolola yokha, memori ikadali bwenzi. Chenjerani chabe ndi mamemori achinyengo olembedwa 32 GB kapena 64 GB pamtengo wokayikitsa. Amalandira nyimbo bwinobwino, koma mukafika kunyumba theka silitseguka. Yesani nyimbo zingapo zoyamba ndi zomaliza musanachoke pa shopu.

Tsopano ndalama: ganizani za banki m'khonde

Funso la msuweni wanga linali apa. Ambiri amaganiza kuti Spotify ili ndi mtengo woikika, kuti munthu akamvera kamodzi woyimba walandira zakutizakuti. Sizili choncho. Zimayenda ngati kugawana kwa banki m'khonde, komwe aliyense amalandira molingana ndi masheya ake.

Mwezi uliwonse, m'dziko lililonse, Spotify imasonkhanitsa ndalama za olipira ndi za otsatsa malonda. Pafupifupi magawo awiri mwa atatu a ndalamazo amapita kwa eni nyimbo, lotsalalo ndi la kampani. Kenako amawerenga kuti nyimbo zonse pamodzi zamvedwa kangati m'dzikomo, ndipo zako zamvedwa kangati. Gawo lako la kumvedwako ndiye gawo lako la ndalama. Kumvera kumawerengedwa munthu akadutsa masekondi 30.

Tiyerekeze ndi manambala ongopeka kuti timvetsetsane. Mu mphika wa mwezi uno muli K10,000,000, ndipo nyimbo zonse zamvedwa ka 5,000,000. Zako zamvedwa ka 5,000. Ndiye kuti gawo lako ndi limodzi mwa 1,000, ulandira K10,000. Mwezi wamawa zako zikamvedwanso ka 5,000 koma anthu amvera kwambiri amapiano ndi nyimbo za ku Nigeria, gawo lako lichepa ngakhale omvera ako sanasinthe.

Apa pakutuluka mfundo ziwiri zofunika. Yoyamba, kukula kwa mphika kumatengera dziko. Ku Malawi olipira ndi ochepa ndipo otsatsa malonda salipira zambiri, choncho mphika ndi waung'ono. Munthu mmodzi wa Premium ku London kapena ku Dublin akamvera nyimbo yako, zimalemera kuposa ife angapo omvera yaulere kuno. Nchifukwa chake achibale athu a ku Joni, Cape Town ndi ku Ulaya ndi msika weniweni kwa woyimba wa Chichewa. Manambala amene amatchulidwa kawirikawiri pa intaneti ndi madola 3 mpaka 5 pa kumvedwa ka 1,000, koma zimenezo ndi zongophatikiza mayiko onse. Kumvedwa kochokera kuno kumabweretsa zochepera apo.

Yachiwiri, kuyambira mu 2024 Spotify inaika lamulo loti nyimbo iyenera kumvedwa kosachepera ka 1,000 pa miyezi 12 yapitayo kuti iyambe kulandira gawo mu mphika uja. Ikalekeza pa 900, palibe chimene ikupeza. Nyimbo ya msuweni wanga mwina yamvedwa kambirimbiri kuposa apo m'mafoni a kuno, koma kumvedwa kwa pa memori ndi pa WhatsApp kulibe amene amakuwerenga.

Pa YouTube, kuti channel iyambe kulandira za malonda pamafunika anthu 1,000 oitsatira ndi maola 4,000 oonera pa miyezi 12. Vuto lina nlakuti kwa zaka zambiri Malawi sanakhale pa mndandanda wa mayiko ololedwa mu ndondomeko imeneyi, nchifukwa chake mumamva opanga mavidiyo athu akudandaula. Woyimba ali ndi kakhomo kena: nyimbo ikalembetsedwa mu Content ID, YouTube imaizindikira paliponse pomwe yagwiritsidwa ntchito, ndipo ndalama za malonda a pa vidiyoyo zimatha kupita kwa mwini nyimbo.

Nyimbo imalowa bwanji m'menemo?

Pa Audiomack umatsegula akaunti nkuika wekha. Koma pa Spotify ndi Apple Music sungagogode wekha pakhomo. Umadzera kwa mkhalapakati amene amatchedwa distributor, monga DistroKid, TuneCore, CD Baby, Ditto kapena Africori. Iwowa amatenga nyimbo yako, chithunzi ndi mayina a amene anaipanga, nkuitumiza ku ma app onse nthawi imodzi. Nyimbo iliyonse imapatsidwa nambala yake yotchedwa ISRC, yomwe ili ngati chiphaso chake. Ndalama zikabwera zimafikira kwa distributor, iwe nkukatapa kumeneko.

Amalipiritsa mosiyana. DistroKid ndi ya pachaka, ndipo ukasiya kulipira nyimbo zikhoza kuchotsedwa. CD Baby umalipira kamodzi pa nyimbo kapena chimbale, iwo nkumadula kagawo pa zomwe zikubwera. Onsewa amafuna madola ndi khadi yolipirira pa intaneti. Paja kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, nkugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndiye mtengo womwewo wa m'madola unakwera kwambiri kwa munthu wogwira makwacha. Musanalipire kulikonse, funsani zinthu ziwiri: ndalama zanga ndidzazitulutsa bwanji ndili ku Malawi, ndipo ziyenera kukwana zingati kuti ndiloledwe kutapa?

Apa mpamene pali dzenje lomwe ambiri agweramo. Poti khadi alibe, woyimba amapereka nyimbo kwa munthu wina wa m'tauni kuti "amuikire". Munthuyo amaiika pa akaunti yake, ndi email yake. Nyimbo ikagwira, ndalama zonse zikupita kwa iye, ndipo woyimba alibe pepala lililonse. Msuweni wanga nayenso anatsala pang'ono kutero. Ngati wina akukuthandizani, akaunti ikhale ya dzina lanu, email ndi password zikhale m'manja mwanu, ndipo zimene mwagwirizana mulembe nonse musaine.

Dziwaninso kuti nyimbo imodzi ili ndi umwini uwiri. Pali umwini wa chopeka, kutanthauza mawu ndi kayimbidwe, ndipo pali umwini wa chojambulidwa, chomwe amati master. Producer amene anapanga beat ali ndi gawo pokhapokha mutagwirizana zina. Ndipo ngati beat munaitenga pa YouTube yolembedwa kuti free, nthawi zambiri ufuluwo ndi woyeserera chabe, osati wogulitsira. Tsiku limene nyimbo idzatchuke, mwini beat adzatulukira.

Agogo Chalamanda ndi Madalitso Band

Nkhani ya a Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu tonse tikuidziwa. Mu 2020 Patience Namadingo anajambula nawo nyimbo zawo zakale mwa chamba cha reggae. Kumapeto kwa 2021 ndi kumayambiriro kwa 2022, Linny Hoo inalowa pa TikTok nkuzungulira dziko lonse, mpaka kuonedwa koposa ka 80 miliyoni. Atolankhani akunja atapita kwawo anapeza agogowo, omwe anabadwa mu 1930, alibe ngakhale foni ya intaneti.

Manambala ngati amenewo amatizunguza mutu, koma kuonedwa pa TikTok si ndalama pakokha. TikTok silipira woyimba pa munthu aliyense amene waonera kavidiyo. Imapangana ndi makampani a nyimbo ndi ma distributor, ndipo kandalama kamadutsa m'njira imeneyo kupita kwa amene analembetsa nyimboyo. Phindu lalikulu la TikTok ndi kutchuka, ndipo kutchukako kumasanduka ndalama pokhapokha woyimba ali ndi poti anthu akamupeze: nyimbo yonse ili pa ma app, ma show akukonzedwa, ndipo pali munthu wokhulupirika woyendetsa zinthu.

Chitsanzo china chili pafupi nafe. Madalitso Band, Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni, anayimba m'misewu ya Lilongwe zaka zambiri ndi babatoni ndi gitala. Mu 2017 anakayimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar, kenako kampani ya Bongo Joe ya ku Geneva inayamba kutulutsa zimbale zawo, ndipo mu 2025 anayimba ku Glastonbury ku England. Nyimbo zawo zili pa ma app onsewa, koma chimene chawayendetsa ndi siteji. Intaneti imathandiza kuti wokonza chikondwerero ku Ulaya awamve asanawaitane. Phunziro ndinatolapo ine nlakuti app ndi chikwangwani choitanira anthu, koma chakudya chambiri chikadali pa show.

Nanga COSOMA?

Bungwe la Copyright Society of Malawi linakhazikitsidwa mu 1992, ndipo pano likugwira ntchito pansi pa lamulo la Copyright Act la 2016. Ntchito yake ndi kutolera ndalama kwa ogwiritsa ntchito nyimbo, monga mawayilesi, ma TV ndi malo azisangalalo, nkugawira eni ake. Palinso ndalama ina imene ambiri sitiidziwa. Zipangizo zosungira zinthu ngati nyimbo zikamalowa m'dziko muno zimadulidwa kandalama kotchedwa blank media levy, ndipo COSOMA imagawa ndalamazo kwa oyimba, olemba ndi aluso ena. Ganizo lake nlakuti poti tonse timakopera nyimbo m'zipangizozi, eni ake apezeko kena kake.

Kutanthauza kuti ngakhale njira ya memori ija ili ndi kampopi kakang'ono kobwerera kwa woyimba. Koma kampopiko kamadonthera okhawo amene analembetsa. Ngati COSOMA sikudziwa dzina lako ndi nyimbo zako, wayilesi ikhoza kukuyimba chaka chonse iwe osaona kanthu. Mkangano wa kagawidwe ka ndalamazi umamveka nthawi ndi nthawi, komabe kudandaula uli mkati kuli bwino kusiyana ndi kuonerera uli panja.

Anyamata obena nyimbo sindikuwaweruza. Ambiri ndi anzathu omwe ntchito anasowa, ndipo oyimba ena amachita kuwapititsira okha nyimbo kuti ifalikire. Koma lamulo likuti kukopera ndi kugulitsa nyimbo ya munthu popanda chilolezo ndi mlandu. Woyimba akapereka yekha, ndi chisankho chake. Ikatengedwa iye osadziwa, imeneyo ndi nkhani ina.

Misampha iwiri yoti muipewe

Woyamba ndi wa oyimba. Mu inbox mumabwera anthu olonjeza kuti mukalipira akupezerani streams masauzande. Zimenezo ndi makompyuta ongoyimba nyimbo mobwereza, si anthu. Spotify imazizindikira, imachotsa manambalawo, ndipo kuyambira 2024 imalipiritsa chindapusa distributor, amene naye amakutembenukira iwe kapena kukutsekera akaunti. Wataya ndalama, wataya ndi nyimbo yomwe. Chizindikiro chake nchosavuta: nyimbo ya Chichewa yamvedwa ka 20,000 mumzinda umodzi wa kutali komwe kulibe Mmalawi, koma okutsatira akadali 15.

Wachiwiri ndi wa omvera. M'magulu a WhatsApp mumayenda mafayilo a APK olembedwa kuti Spotify Premium yaulere. Simukudziwa amene anaikonza, ndipo ikamalowa imapempha chilolezo chowerenga ma SMS ndi manambala anu. App ya nyimbo ikufuna ma SMS anu achani? Kumbukirani kuti foni yomweyo ndi imene muli Airtel Money kapena Mpamba wanu. Tengani app pa Play Store. Ngati ya Premium palibe, yaulere ilipo, Audiomack iliponso.

Zimene tinagwirizana pakhonde paja

Msuweni wanga sindinamulonjeze kuti alemera. Ndinamuuza kuti kwa woyimba wongoyamba kuno, ndalama za ma app mwina sizingabweze ngakhale za studio chaka choyamba. Koma tinalemba zinthu zisanu pa pepala la m'kope. Abwerere kwa producer akalembe mgwirizano wa beat. Atsegule email yakeyake ya za nyimbo, password asauze munthu. Aike nyimbo pa Audiomack ndi pa YouTube yekha, poti kumeneko sikufuna khadi. Akafunse ku COSOMA za kalembetsedwe. Ndipo za distributor adikire kaye mpaka atakhala ndi nyimbo zitatu kapena zinayi, kuti ndalama ya pachaka isapite pa nyimbo imodzi.

Za WhatsApp sanasiye, ndipo sindinamuuze kuti asiye, chifukwa ndi kumene kuli anthu ake. Tinangosintha pang'ono. Pa fayilo alembepo dzina lake bwinobwino, osati "AUD-WA0007" ngati mmene ikuyendera panopa, moti ena ku Msundwe akuti ndi ya woyimba wina. Ndipo akamatumiza, aziphatikiza link, makamaka kwa abale ali kunja.

Kwa ife omvera, sindikunena kuti tayani memori. Inenso ndili nayo. Koma tsiku limene muli ndi bandulo yabwino kapena mwapeza Wi-Fi, tsegulani nyimbo ya mwana wa kwanu pa app, idutse masekondi 30 aja, mumutsatire, link muitumize kwa achimwene anu ali ku Joni. Akakonza show pa Mpingu kapena pa Nsaru, lipirani pakhomo m'malo molowera kumpanda. Mukamuitana pa ukwati, musamulipire mbale ya mpunga yokha.

Foni yake itadzaza, ananyamuka ndi pepala lija m'thumba. Akuti Lachisanu akwera ya m'tauni kukaonana ndi producer. Akabwerako ndidzakuuzani mmene zayendera, makamaka nkhani ya beat, chifukwa ndi pamene ine mtima uli m'mwamba.